Buku la Usiku, Chipinda 14

M'buku la usiku munalembedwa kuti: "Sagona. Ngwovuta."
Dzanja lina linawonjezera m'munsi: "Amangoyendayenda."
Ine ndinayamba ntchito mu Novembala,
mvula ya ku Keighley ili waa, osakata.
Anandipatsa makiyi, magolovesi abuluu
ndi mndandanda wa zitseko:
9, wa shuga; 11, wosamva;
14, wa mapiritsi ogonetsa uja.

Ikangokwana 3 koloko
chitseko cha 14 chinkalira kwiii,
n'kutulukamo nkhalamba, jekete pamwamba pa zogonera,
nsapato phazi limodzi.
"Ndachedwa," inkatero. "Uvuni sunatenthe."
Ife tinkaigwira pachigongono,
mofatsa ndithu, monga anatiphunzitsira,
n'kuibweza kubedi ngati katundu wosochera adiresi.

Tsiku lina ndinatsalira pakhomo pang'ono.
Ndinaona manja awo ali pa bulangete:
kukankha, kupinda, kutembenuza,
kukankha, kupinda.
Sikunali kunjenjemera kwa matenda.
Manja amenewa anali pa ntchito.

Lamulungu ndinafunsa mwana wawo, Gillian,
akukutumula ambulera pakhonde.
Anandiyang'ana nthawi yaitali.
"Zaka makumi anayi ndi ziwiri," anatero,
"ankaphika buledi kuseri kwa siteshoni.
Tawuni yonse inkadya za m'manja mwawo
isanasukusule n'komwe.
Miyezi isanu ndi itatu muno, ndinu woyamba kufunsa."

Amati safunsa anadya phula.
Koma muno phulalo
ankadya ndi amene sanafunsidweyo.

Mayi Pilling, oyang'anira nyumba, anagwira mutu:
moto, inshuwalansi, fomu ya masamba asanu ndi limodzi.
Tinakambirana za iwo milungu iwiri,
eni ake ali pampando pompo, akuyang'ana nkhunda pawindo,
mpaka Nasreen anatembenuza mpando wake n'kuti,
"Bambo Ackroyd, inuyo mukufuna chiyani?"
"Ufa wa buledi," anayankha, "osati wa makeke uja.
Ndipo dzina langa ndi Clifford.
'Okondedwa' amene mumaitanayo sindimudziwa."

Tsono 3 koloko timayatsa getsi la kukhitchini.
Uvuni ndimagwira ine, mtanda ngwawo.
Dzina langa amaliiwala tisanafike pa masitepe,
la Gillian limabwera ndi kupita ngati basi,
koma mchere amapima ndi zala zitatu, osaphonya,
ndipo amandikalipira: "Madziwa azizira, mtsikana iwe.
Ukufuna kupha yisiti?"

Sikuti zonse zinawongoka.
Buledi wina amatuluka gwa, ngati njerwa.
Usiku wina analira osanena chifukwa,
ufa uli mbuu m'nsidze,
ndipo ndinalibe chowauza; ndinangokhala nawo.
Lachitatu lapitali anakana kudzuka:
"Lero n'Lamulungu, sitiphika."
Ndinazimitsa getsi,
n'kulemba m'buku: "Lero n'Lamulungu."

Fungo likakwera kumtunda, zitseko zimayamba kuyankha.
Wa 11 uja ndi Doreen Sugden,
ankasoka madiresi a ukwati,
ndipo amamva bwinobwino ukaima kumanzere kwake.
Zaka ziwiri takhala tikumuthirira mkaka mu tiyi.
Samwa mkaka. Sanamwepo chibadwire.
"Munkaoneka otanganidwa," anatero,
akupaka batala pa nyenyeswa yotentha.

Mapiritsi aja adokotala anawachotsa mu Febuluwale.
Clifford amagona masana, pakamwa pali yasa,
mbale ya nkhomaliro ikudikira pansi pa chivundikiro;
ya ena yonse inatsukidwa kale.

Tsamba lakale lija ndinalisiya, sindinaling'ambe.
"Sagona. Ngwovuta."
Ndimaliwerenga ndikamayamba shifiti,
chifukwa dzanja lachitatu pamenepo,
lolemba kuti "Wabwezedwa kubedi, 3:10,"
ndi langa.

Kunja chipale chayamba kugwa pa magalimoto.
Ndamva kwiii.
Ndikatenge epuloni yawo.